Mapoto a mkuwa athimbirira, ndiwatsuke ndi chiyani?

aNabanda (Randburg):
Moni nonse a pagulu. Ndikupempha nzeru. Kunyumba kumene ndayamba ntchito mwezi uno kuli mapoto a mkuwa opachikidwa pamwamba pa sitovu, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, komanso ketulo ndi thireyi ya pakhoma. Onse athimbirira, ena ada bii kunsi, awiri ali ndi madontho obiriwira pamene pali misomali ya chogwirira. Madamu apita ku Cape Town kwa mwana wawo, ndipo pochoka angoti ndiwatsuke awale alendo asanabwere Loweruka. Chotsukira sanandiuze. M'kabati muli steel wool, Vim, Jik, Handy Andy ndi kachitini ka Brasso kotsala pang'ono. Ndiyambe ndi chiti? Mapotowa akuoneka odula, ndiye mtima sukukhazikika.

aNkhoma (Yeoville):
Steel wool ndi Vim basi mayi. Kwechani mwamphamvu, awala mbee. Kwathu timakwechera mchenga ndi phulusa, poto amawala.

aChisale (Turffontein):
Ayi, chonde achemwali, steel wool yo ibwezereni m'kabati. ANkhoma, mchenga ndi phulusa ndi za mapoto athu a aluminiyamu omwe tikakanda palibe wodandaula. Mkuwa ndi wofewa. Mukaukwecha ndi waya mumasiya mizere yomwe sichokanso, ndipo m'mizeremo ndi momwe litsiro limakhazikika pambuyo pake. Ine ndakhala m'khitchini ya hotela zaka zambiri, mapoto amenewa ndimawadziwa. Musanakhudze chilichonse, tiuzeni kaye zinthu zitatu. Mkati mwa mapoto muli mtundu wanji, mofiira ngati kunja kapena motuwa? Maginito a pachitseko cha fuliji mukawaika pamimba pa poto akumamatira? Ndipo thireyi ya pakhomayo yathimbirira yonse mofanana, kapena malo ena ikunyezimira malo ena yada?

aNabanda (Randburg):
Zikomo bambo. Mkati ndi motuwa, mwina muli mawanga akuda. Poto mmodzi yekha wamkulu wopanda chivundikiro, wa makutu awiri, ndiye ndi wofiira mkati ndi kunja komwe. Maginito akumamatira pa zogwirira zokha, pamimba akugwa. Pa ketulo akumamatira paliponse. Thireyi ikuwalabe, koma m'mphepete mwada ndipo mukuoneka ngati mukusupuka.

aChisale (Turffontein):
Mwachita bwino kuyang'ana, chifukwa muli ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi katsukidwe kake.

Mapoto omwe maginito akugwa pamimba ndi mkuwa weniweni. Zogwirira zake ndi zachitsulo, n'chifukwa chake akumamatira pamenepo. Kutuwa kwa mkatiko ndi tini, chitsulo china chofewa kwambiri chomwe amapaka kuti chakudya chisakhudzane ndi mkuwa. Mkatimo musatsukemo ndi china chilichonse koma madzi ofunda, Sunlight ndi siponji yofewa. Mawanga akudawo si litsiro, tini imada yokha ikamaphikidwira, ndipo sizivulaza munthu. Ambiri amaononga mapoto apa, amafuna kuti mkati muwale ngati kunja, ndiye amakwecha mpaka tini yonse kutha.

Ketulo yomwe maginito akumamatira ndi chitsulo wamba chongokutidwa ndi mkuwa wopyapyala pamwamba. Mukaipukuta mwamphamvu mkuwawo umatha, pansi pake n'kutuluka chitsulo chotuwa. Imeneyo ifunika dzanja lopepuka.

Thireyi ili ndi vanishi. Asidi kapena Brasso musayandikitse. Nsalu yonyowa ndi madzi a sopo, kenako youma, basi.

Poto wofiira mkatiyo ndi wophikira jamu. Ameneyo yekha ndiye mungatsuke mbali zonse.

aMbewe (Rosettenville):
Za maginitozo ndi zoona. Amene akukayika atenge ndalama zachitsulo zofiira za kuno ku South Africa, ka 10 senti kapena ka 5 senti kakale, aike pa maginito. Kamamatira, chifukwa mkati ndi chitsulo, mkuwa uli pamwamba pokha. Ine ndine pulambala, mapaipi a mkuwa ndimagwira tsiku lililonse, ndipo paipi yeniyeni maginito sakhalapo ngakhale pang'ono.

aNaphiri (Mayfair):
Asisi, musavutike ndi mankhwala ogula. Ine ndimagwira kwa amwenye, ndipo mwezi uno tili kalikiliki kutsuka chifukwa Diwali, chikondwerero chawo cha nyale, yayandikira. Nyumba yonse ndi mkuwa ndi bulasi, chitsulo chachikasu chija: tinyale ta mafuta, timbale ta m'chipinda chopemphereramo, majagi a madzi akumwa. Agogo a panyumbapo amatsukira bwemba. Inde, bwemba wathu yemweyu amene timatola ku Salima ndi ku Mangochi n'kumayamwa kapena kuthira m'phala. Kuno amagulitsa woumba m'mapaketi m'mashopu a zokometsera ku Fordsburg, pafupi ndi Oriental Plaza.

Mumabenthula kachidutswa, n'kuviika m'madzi ofunda pang'ono mpaka kafewe, muchotse nthanga chifukwa zimakanda, muthire mchere wosalala pang'ono, ndiye muzipaka ndi zala. Mumaona ndi maso anu mtundu ukusintha pansi pa chala, pomwe panali bii pakutuluka kufiira kotuwira. Ubwino wake ndi woti amamatirira, sayenderera ngati madzi a mandimu, ndiye amalowa m'timaluwa tozokota tija. M'makona mumagwiritsa mswachi wakale wofewa.

aNkhoma (Yeoville):
Bwemba kutsukira poto? Ndiye kuti malambe nawonso angathe?

aMbewe (Rosettenville):
Chilichonse chowawasa chimagwira, kungoti mphamvu zimasiyana. Ndifotokoze pang'ono zomwe zimachitika, chifukwa munthu ukamvetsa sufunikanso kuloweza. Mkuwa ukakhala pamphepo umagwirana ndi mpweya wa okosijeni, pamwamba pake n'kupangika kachikungu kopyapyala, koyamba kofiirira, kenako kakuda. Mumpweya mukakhala utsi wa salufa kudako kumafulumira, ndipo kuno ku Joni salufa sasowa: malasha amene anthu amaotha nthawi yozizira, malo opangira magetsi a malasha ku Mpumalanga, ndi masiku aja mzinda wonse umamveka fungo la mazira owola. Pakafika chinyezi ndiye pamabwera zobiriwira zija. Nthawi yozizira kuno mpweya ndi wouma, zinthu zimangoda, koma mvula ikayamba mu Okutobala mpaka Malichi zobiriwira zimachuluka, makamaka m'khitchini momwe muli nthunzi.

Asidi wa m'mandimu, m'viniga kapena m'bwemba amasungunula kachikungu kameneka osadya mkuwa wambiri. Mchere umathandiza kuti ntchitoyo ifulumire. Koma mchere womwewo ukatsalira ndi mdani. Ndimaziona pa mapaipi: pomwe munthu anawotcherera n'kusiya mankhwala osapukuta, patapita nthawi pamabiriwira n'kuyamba kudyeka. Ndiye kutsukuluza ndi kuumitsa n'kofunika kuposa kupakako.

aChisale (Turffontein):
Ndi momwemo. Achemwali aNabanda, kunja kwa mapoto chitani chonchi. Yambani ndi kutsuka mafuta ndi Sunlight ndi madzi otentha, chifukwa asidi sadutsa pa mafuta. Mapoto opachikidwa pamwamba pa sitovu amakhala ndi mafuta omata ngakhale sanaphikidwire. Mukalumpha apa mudzaona poto akuwala mwa mawangamawanga.

Kenako sakanizani theka la kapu ya viniga woyera, supuni imodzi yaikulu ya mchere wosalala, ndi fulawa wokwanira kuti zikhale phala lolimba losayenderera. Mchere wa mibulu ayi, umakanda. Vundikirani poto pansalu, pakani phalalo kunja konse, lisalowe mkati. Dikirani mphindi 10 kapena 15, musalole kuti liumirepo. Pukutani ndi siponji yofewa, tsukuluzani ndi madzi ambiri, tsukaninso ndi sopo, ndipo umitsani nthawi yomweyo ndi nsalu ya thonje. Musaike pathandala kuti adonthe okha, dontho lililonse limasiya banga. Pomwe pali misomali ndi pansi pa chogwirira lowetsani ngodya ya nsalu, chifukwa madzi amabisala pamenepo, ndipo chogwirira chachitsulo chimachita dzimbiri.

Akangouma amaoneka ofiira motuwira, osanyezimira. Musadandaule. Tengani nsalu ina youma, sikipa yakale ya thonje ndi yabwino, muzipukuta mozungulira. Kuwala kumabwera pamenepo.

aNasibeko (Kempton Park):
Ndilowererepo pa chinthu chimodzi, popeza mwatchula zomwe zili m'kabati. Jik asayandikire ntchito imeneyi. Amaononga mkuwa, koma choopsa kwambiri n'chakuti Jik akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wa klorini womwe umapweteka mapapo. Akakumana ndi chilichonse chokhala ndi amoniya, monga Brasso, amatulutsanso mpweya wina woipa. Musatsukire m'sinki momwe mwangothiramo Jik. Ine ndimasamalira okalamba, ndipo ndaonapo mnzathu wina akutsokomola mpaka misozi atasakaniza zotsukira m'bafa lotseka mawindo. Valaninso magolovesi ngati muli ndi timabala m'manja, mchere ndi viniga zimaluma.

aNkhoma (Yeoville):
Koma Brasso yo alipo kale m'nyumbamo. Si ndiye kuti madamu amagwiritsa yemweyo? Bwanji kuvutika ndi fulawa?

aChisale (Turffontein):
Brasso ndi wabwino, sindikumunyoza. Wakhalapo kuyambira 1905 ku Britain ndipo amawalitsa kuposa mandimu. Koma ali ndi timchenga tosaoneka tomwe timadya pang'onopang'ono, ndipo si wa pomwe pamakhudza chakudya. Kunja kwa poto, komalizira, kadontho pansalu, palibe vuto, bola mutsukenso ndi sopo. Mkati ayi. Pa ketulo yokutidwayo ndingapewe. Komanso poto wakuda bii mukayamba ndi Brasso mutha chitini chonse ndi mphamvu zanu zomwe, pomwe viniga akanachotsa zambirizo inu mutakhala pansi.

aNaphiri (Mayfair):
Chinanso cha Brasso, mukapanda kupukuta bwino amatsalira m'timizere tozokota n'kuuma, kenako pamaoneka zoyera ngati choko. Zimenezo kuchotsa kwake ndi mswachi ndi madzi ofunda, ntchito iwiri. M'mashopu a amwenye mulinso ufa wina wotchedwa Pitambari wopangira mkuwa ndi bulasi, ena amaukonda. Koma kwathu kuntchito agogo aja safuna kumva, iwo ndi bwemba basi.

Agogo aNangondo (Bertrams):
Ana anga, ndawerenga zonse. Mwalangiza bwino, koma pali funso lomwe simunafunse. Kodi madamuwo akuti ziwale zonse, kapena mapoto okha? Ndagwira m'nyumba za azungu kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndikuuzeni kuti pali zinthu zina zomwe eni ake amazikonda chifukwa cha kudako. Amati ndiwo ukalamba wake, ndipo kwa ogula zinthu zakale chinthu chotsukidwa mtengo umatsika. Mnzanga wina anawalitsa mtsuko wamkuwa womwe unali pakhonde, mwa mtima wabwino, poganiza kuti akondweretsa abwana. Unali wa makolo awo, ndipo mtundu wobiriwira womwe unatenga zaka zambirimbiri kuti ubwere unatha masana amodzi. Panalibe chobweza.

Ndiye mwana wanga, jambula chinthu chilichonse usanachikhudze, utumize kwa madamu pa WhatsApp, ufunse kuti ichi nditsuke kapena ndisiye. Ayankhe molemba. Zithunzizo usunge. Ngati panali kale kukandika kapena kupindika, chithunzi ndicho chidzakuyankhulira.

aNabanda (Randburg):
Zikomo agogo, ndatumiza. Ayankha kuti mapoto ndi ketulo ziwale, thireyi ndingopukuta fumbi, ndipo kamtsuko kena kakuda komwe kali pashelefu ndisakakhudze n'komwe, anakagula ku Morocco. Kameneko ndiye ndimati ndiyambire poyesera.

aNasibeko (Kempton Park):
Agogo mwatipulumutsira mwana.

aNambewe (Cosmo City):
Poti nkhani yafika pa kuononga, tikumbutsane. Lamulo la ogwira ntchito zapakhomo kuno, Sectoral Determination 7, silola bwana kudula malipiro chifukwa choti mbale yasweka kapena chinthu chaonongeka pogwira ntchito. Ambiri a ife timangovomera podulidwa chifukwa cha mantha. Zikachitika, kuli CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, ndi maofesi a zantchito. Sindikunena kuti tizigwira mosasamala, ayi, koma munthu asagwire poto manja akunjenjemera poganiza kuti malipiro a mwezi apita.

aNkhoma (Yeoville):
Ine ndinamva kuti tomato sosi amatsukanso. Ndi zoona kapena ndi za pa TikTok?

aMbewe (Rosettenville):
Ndi zoona achimwene. Muli viniga, mchere ndi asidi wa tomato, ndipo ndi wolimba kale, samayenderera. All Gold yemweyu mupake, mudikire pang'ono, mutsukuluze. Kungoti pa mapoto ambiri botolo litha, pomwe viniga ndi fulawa n'zotchipa. Pa kanthu kakang'ono ngati chibangili ndi wabwino.

aNabanda (Randburg):
Ndayamba ndi poto wamng'ono. Anthuni, nditatsukuluza phala lija ndinaima kaye n'kumangoyang'ana. M'mbali mwatuluka psuu, ndipo nditapukuta ndi nsalu youma windo la khitchini likuonekeramo. Kunsi kwa chogwirira kwatulukanso zilembo zomwe sizimaoneka, Mauviel, ndi mawu oti France. Koma kunsi kwenikweni kumene kumakhala pamoto kukadali kwakuda, kokakala ndikapitsa chala. Ndabwerezanso phala koma sikukusintha.

aChisale (Turffontein):
Mauviel ndi ya ku Villedieu-les-Poêles ku Normandy, mudzi womwe ntchito yake ndi yosula mkuwa, ndipo kampaniyo inayamba mu 1830. Mapoto amenewo akasamalidwa amapitirira mibadwo. Muwagwire bwino.

Kukakala kwa kunsiko si kuthimbirira, ndi mafuta opserera. Viniga sangachotse. Tengani soda, yemwe timathira mu therere, musakanize ndi Sunlight pang'ono ndi timadzi kuti likhale phala, mupake kunsi kokhako, muphimbe ndi nsalu yonyowa ndi madzi otentha, musiye kwa ola limodzi kapena kuposa. Zikafewa muzipala ndi chinthu chamtengo kapena chapulasitiki, khadi yakale ya kubanki imagwira bwino. Mpeni ayi. Zikachoka ndiye mubwerezenso phala la viniga. Musasakanize soda ndi viniga nthawi imodzi, zimangochita thovu n'kuphana mphamvu. Ndipo zikakana kuchoka zonse, siyani. Kunsi kwa poto wophikira sikungafanane ndi kwa m'sitolo.

Za madontho obiriwira a pa misomali, amenewo achoke onse, ndi mswachi ndi mandimu ndi mchere. Zobiriwirazo siziyenera kulowa m'mimba mwa munthu. Mukaona zobiriwira mkati mwa poto, muuzeni madamu, asaphikiremo.

aNasibeko (Kempton Park):
Apa ndipo ndimafuna tifikepo. Thupi limafuna mkuwa wochepa kwambiri, ndipo timaupeza kale m'zakudya monga chiwindi, nyemba ndi mtedza. Ukachuluka umabweretsa nseru, kusanza ndi kupweteka m'mimba. Chakudya chowawasa chikakhala mu mkuwa wosakutidwa chimachita zomwe phala la viniga lachita pa poto, kusiyana kwake n'kwakuti zosungunukazo zimalowa m'chakudyamo. Ndiye ndiwo za tomato, chidede, madzi a mandimu, chambiko, amasi, musaphikire kapena kusungira mu mkuwa wofiira mkati. Thobwa ndiye ayi ndithu. Ndanena thobwa chifukwa majagi ndi mabotolo a mkuwa afala masiku ano, anthu akugula pa intaneti poti ndi a thanzi, ndipo wina angaganize zosungiramo thobwa la Lamlungu.

aNaphiri (Mayfair):
Zoona. Kuntchito kwathu m'majagi a mkuwa mumalowa madzi okha, ndipo timatsuka mkati pafupipafupi. Mkaka kapena juwisi agogo salola.

aNkhoma (Yeoville):
Nanga poto wa jamu uja? Zipatso si zowawasa?

aChisale (Turffontein):
Funso labwino. Pa jamu amasakaniza kaye zipatso ndi shuga wambiri m'mbale ina, ndiye n'kuthira mu mkuwa, kuphika mwachangu, n'kukhuthula ikangopsa. Zipatso zopanda shuga saphikiramo, ndipo jamu sagonamo. Amaukonda chifukwa mkuwa umafalitsa kutentha mofulumira komanso mofanana, jamu sapserera malo amodzi. Palinso mbale ya mkuwa yopuntira zoyera za mazira, thovu lake limakhala lolimba. Kupatula ntchito ngati zimenezi, mkuwa wosakutidwa si wophikira ndiwo.

Ndiwonjezere za tini, chifukwa tsiku lina adzakuuzani kuti muphikiremo. Tini imasungunuka pa madigiri 232, pomwe mkuwa umafika kupitirira 1,000 usanasungunuke. Poto wopanda kanthu pa gasi amafika 232 posachedwa, ndipo mukaona timibulu tonyezimira mkati ndiye kuti tini yasungunuka. Muziika mafuta kapena madzi musanayatse, moto wapakati, ndipo muzitakasa ndi mthiko kapena chipande chamtengo. Supuni yachitsulo imakanda. Chakudya chikamatirira, viikani m'madzi ofunda, chimachoka chokha. M'makina otsukira mbale asalowemo, sopo wake ndi waukali, amadetsa mkuwa ndi kudya tini. Mukaona kufiira kukuonekera mkati malo aakulu kuposa ndalama ya R5, poto akufunika kupakidwanso tini ndi amisiri ake. Mapoto ena atsopano mkati ndi stainless steel, yowala ndi yolimba, imeneyo sivuta chonchi.

aJere (Germiston):
Pepani ndalowa mochedwa. Ine nkhani yanga ndi ina pang'ono. Malemu bambo anga anagwirapo ntchito ku Kitwe, ku Copperbelt, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi wotchi ya pakhoma ya mkuwa yooneka ngati mapu a Africa, pali njovu ndi mtengo wa mlambe. Amayi atamwalira ndinaitenga, ndili nayo kuno. Pakati ikuwalabe koma m'mbali yada ndipo pali mawanga ngati a thireyi yanenedwa ija. Ndimafunitsitsa itabwerera mwakale. Nditani?

aMbewe (Rosettenville):
Pepani ndi za makolo bambo. Zinthu za ku Zambia zoterezi zambiri zimakhala ndi vanishi. Pomwe vanishi wasupuka mpweya walowa, ndiye pada. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kungoisiya momwemo, kumapukuta fumbi ndi nsalu yofewa. Yachiwiri ndi kuchotsa vanishi yense ndi acetone, mankhwala amadzi osungunula vanishi, wa kuhadiweya, panja pamphepo kutali ndi moto ndi fodya, kenako kutsuka, kuwalitsa, n'kupoperanso vanishi woyera wa zitsulo. Theka ndi theka sizitheka, mukapaka mandimu pamwamba pa vanishi wosupuka mawanga amangoonekera kwambiri.

Koma ndikuchenjezeni. Pa zithunzi zimenezi amisiri ankadetsa dala malo ena, kuseri kwa njovu, m'mizere ya mtengo, kuti chithunzi chituluke. Nthawi zina ankapakanso utoto. Acetone amachotsa utoto, ndipo asidi amachotsa kuda kwadalako. Mukatsuka zonse mutsala ndi chitsulo chowala koma njovu yosaoneka bwino. Chinanso, mkuwa wake umakhala wopyapyala, womatidwa pa thabwa, ukadinikiza umapindika, ndipo madzi akalowa kuseri thabwa limafufuma. Makina a wotchi ndi mivi muyambe mwachotsa.

Ikanakhala yanga, poti ndi ya bambo, ndikanayesa kaye pakangodya kobisika kumunsi ndi kathonje. Pakaoneka kuti mtundu ukusuntha ndikanaleka.

Agogo aNangondo (Bertrams):
AJere, mverani mawu omalizawo. Ine ndikanati musiye. Wotchiyo sikuphikira munthu, kuda kwa m'mbali sikukupweteka aliyense.

aJere (Germiston):
Ndamva agogo. Ndingopukuta fumbi, ndiichotsenso pomwe ili chifukwa ili pafupi ndi pomwe timaphikira.

aMbewe (Rosettenville):
Kuichotsa pa nthunzi kuthandiza kwambiri. Mungapakenso kaphula ka njuchi kapena polishi wopanda mtundu pang'ono kwambiri kuti mpweya usamafike pomwe pasupuka. Mafuta ophikira ayi, amanata n'kumagwira fumbi.

aNambewe (Cosmo City):
Nanga zoikapo makandulo ndi belu la kutchalitchi? Ife amayi a chigwirizano timatsuka tokha, ndi zachikasu osati zofiira. Njira ndi yomweyi?

aMbewe (Rosettenville):
Zachikasuzo ndi bulasi, mkuwa wosakaniza ndi zinki. Njira ndi yomweyi koma musachedwetse asidi. Mukaviika nthawi yaitali zinki ya pamwamba imadyeka, chinthu n'kusanduka chofiirira mwa mawanga. Mphindi zochepa, tsukuluzani. Pa bulasi ndiye Brasso ali pakwawo. Phula la makandulo muyambe mwachotsa ndi madzi otentha, osapala ndi mpeni. Yesaninso maginito, zambiri za masiku ano ndi zongokutidwa.

aNkhoma (Yeoville):
Funso lomaliza kwa ine. Amalume amavala chibangili cha mkuwa poti chimachiza nyamakazi, koma dzanja limabiriwira. Ndi poizoni?

aNasibeko (Kempton Park):
Kubiriwira kwa pakhungu ndi thukuta lomwe lagwirana ndi mkuwa, kumachoka ndi sopo ndipo kwa anthu ambiri sikuvulaza, pokhapokha pakayamba kuyabwa kapena zidzolo. Za kuchiza, ofufuza a ku yunivesite ya York ku England anayesa zibangili zimenezi pa odwala nyamakazi, zotsatira zinatuluka mu 2013, ndipo sanapeze kuti zimachepetsa ululu kapena kutupa. Okalamba ambiri omwe ndimasamalira amavala, sindiwaletsa, koma mankhwala a kuchipatala asasiye. Amalume muwauze chimodzimodzi, mwaulemu.

aNabanda (Randburg):
Ketulo ndangoipukuta ndi theka la ndimu mopepuka, yasintha bwino, sindinaumirize. Mapoto akulu ndipitiriza mawa. Kodi ndikamaliza nditani kuti asadenso msanga? Loweruka likadali patali.

aNaphiri (Mayfair):
Mukamaliza kupukuta musawagwirenso ndi manja, muzinyamula ndi nsalu. Zala zimasiya mafuta ndi mchere, pakapita masiku ochepa mumaona chidindo cha chala chanu chitada pa poto. Omwe sagwiritsidwa ntchito akulungeni m'nsalu youma muike m'kabati, Lachisanu madzulo ndiye mupachike. Musamange ndi malabala, labala ali ndi salufa, amasiya mzere wakuda. Ndipo madamu adziwe kuti mkuwa wopachika pamwamba pa sitovu umadanso basi, pakatha milungu ingapo uyamba kufiirira. Asadzaganize kuti simunatsuke bwino.

aChisale (Turffontein):
Kuhotela sitinkadikira kuti ade. Poto akangotsukidwa, kunja timapitsako ndimu ndi mchere, kutsukuluza, kuumitsa. Mphindi ziwiri. Ukatero ntchito yaikulu ngati ya lero sibweranso.

aNyirenda (Hillbrow):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinagula kapoto ka mkuwa pa msika wa zinthu zakale, kokongola, kosulidwa ndi manja, pali timaenje ta nyundo thupi lonse. Mkati ndi motuwa koma malo ambiri mukuoneka kufiira, ndipo kunsi kuli mzere ngati anachita kulumikiza. Palibe dzina lililonse. Ndimafuna ndiziphikira tiyi wa mkaka ndi phala la mwana. Ndikatsuka ndi viniga bwinobwino zitheka?

aChisale (Turffontein):
Ayi amayi, phala la mwana musaphikiremo. Kutsuka sikubwezeretsa tini yomwe yatha. Komanso ziwiya zina zakale zosadziwika kochokera ankazipaka tini yosakaniza ndi mtovu, kapena kulumikiza ndi mtovu pa mzere ngati womwe mukunenawo, ndipo ndi maso simungasiyanitse.

aNasibeko (Kempton Park):
Mtovu kwa mwana ndi woopsa ngakhale utachepa, umasokoneza kakulidwe ka ubongo ndipo zizindikiro sizioneka msanga. Chonde phala liziphikidwa mu poto wamba wa stainless steel.

aNyirenda (Hillbrow):
Zikomo pondichenjeza. Ndiye ndingokawalitsa kunja kakhale kokongoletsa. Ndingaikemo maluwa?

aMbewe (Rosettenville):
Mungathe, koma madzi asakhale mu mkuwamo, abiriwitsa mkati ndipo pa mzere wolumikizawo pangayambe kudontha. Ikani kabotolo kagalasi mkati mwa kapotoko, madzi ndi maluwa zikhale m'botolomo. Pa timaenje ta nyundoto gwiritsani bwemba wa aNaphiri ndi mswachi wofewa, ndipo muumitse kamodzikamodzi chifukwa madzi amatsalira m'menemo.